Kamphuno ka a Nakwenda

Iwe, mbaula imeneyo ukupita nayo kuti? Ibweze pano. Ofuna kugona m'shedimo akagone ndi matumba a mbatatesiwo, koma makala amoto salowa m'chipinda chotseka ine ndikuona. Lole mukuidikirayo ndimaidziwa, imayenda ngati mkamwini wokapepesa kwa apongozi, ndiye nthawi tili nayo. Senderani kuno ndikuuzeni za amayi ena a kumtunda uko. Sinditi padangokhala, inunso musavutike ndi tili tonse, chifukwa iyi si nthano. Ine ndinalipo.

Amene simundidziwa, ndine Mawaya, ndimakonza mawailesi ndi masola kuseri kwa chigayo. Dzina langa lenileni ngakhale akazi anga analiiwala kalekale.

Mukaima pano kunja kukuwala n'kuponya maso kupitirira dambo, mumaona kaphiri ka mitengo ya paini. Pamenepo panali mudzi. Msewu wa tala utadutsa kuno, anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi kutsata chigayo ndi mjigo, mpaka kumtundako kunatsala nyumba imodzi ya malata, ya a Dafuleni ndi akazi awo a Nakwenda. A Dafuleni anali munthu wosalankhulalankhula. Ankalima mbatatesi kudimba, dzuwa likapendeka n'kudzera kwa mayi wina wotcheza kachasu, kumwa kabotolo kamodzi kokha, kenako n'kuyamba kukwera phiri. Pakhomo pawo sankaodira. Ankangotsokomola, akazi awo n'kutulutsa mpando. Anakalamba nawo moyo umenewo, mpaka chaka china nthawi ya dzinja chibayo chinawagwira a Dafuleni, sabata isanathe tinakawaika.

Mwana wawo anali mmodzi, Elufe, wogwira ntchito m'sitolo ya zipangizo ku Lilongwe. Maliro atatha anawauza amayi ake kuti alongedze azipita limodzi kutawuni. A Nakwenda anakana. Anati iwo sangakakhale m'nyumba ya mpanda n'kumawerenga malata a eni ake, pamene manda a amuna awo dothi lake lisanaume. Anakangana mpaka Elufe anagonja, koma anaika lake: awagulira sola ndi foni, ndipo tsiku limene adzamve kuti amayi ake agwa kapena adwala ali okha, adzabwera ndi galimoto ndipo sipadzakhalanso zokambirana.

Nyengo yozizira ikuyandikira, Elufe anabweranso ndi kabokosi. Kuntchito kwawo mlonda wina anali atafa m'kanyumba kake atagona ndi mbaula, ndiye mtima wa mtsikanayo sunkakhala m'malo akaganiza za kuzizira kwa kuno. M'kabokosimo munali kachipangizo koyera kokwana m'chikhatho, kokhala ndi tinyale tiwiri ndi kasefa ka waya kutsogolo. Anandipatsa ine kuti ndikakamangirire pakhoma.

Ndinakwera phiri ndi chikwama changa. A Nakwenda anali mayi wamfupi, wa maso akuthwa, wosalola chinthu kulowa m'nyumba mwake asanachifunse kwawo. Ndiye ndinatsegula kachipangizoko n'kuwaonetsa. Kuseri kwa kasefa kuli kambewu kakang'ono kuposa mpunga, kopakidwa fumbi la chitsulo chowotcha. M'kati mwa kambewuko mumadutsa waya woonda ngati tsitsi, ntchito yake kukatenthetsa usana ndi usiku, kutentha koposa kwa chiwaya cha tchipisi. Kakatentha choncho, mpweya wabwino uja timapumawu, okosijeni, umakakamira pamwamba pake n'kutsekereza njira ya magetsi, magetsiwo n'kumangodontha pang'onopang'ono. Tsono pakabwera mpweya woipa, monga wa makala uja wopanda fungo, umakokolola okosijeniyo, njira n'kutseguka, magetsi n'kuthamanga, kabelu n'kuyamba kulira. Mpweyawo ukachepa kamalira modukiza, ukachuluka kamakuwa osapuma.

Ndinawachenjezanso kuti kanthuka n'kopusa mbali ina. Kali ndi mphuno koma kalibe maso. Kakamva kachasu kalira, kakamva petulo kalira, mbatatesi zikaolera pakona kaliranso, ndipo sikangakuuze kuti kamva chiti. Kamangodziwa kuti m'nyumba mwalowa china chimene sichinalimo.

A Nakwenda anamvetsera zonsezo osaphethira. Nditalumikiza ku batire, anadikira pang'ono n'kuika chala pa kasefa kaja.

"Kakufunda," anatero. "Ngati kamwanapiye."

Ndinawauza kuti kazingofunda choncho, kakadzazizira ndiye kuti kafa. Ndinawauzanso kuti masiku oyamba kazilira zopanda pake mpaka kambewu kaja katazolowera moto wake, asadandaule nako. Iwo anati chabwino, ndipo anakatcha kamphuno. Pondiperekeza anaima pamapeto pa bwalo nthawi yaitali, moti ndikuoloka dambo ndinkawaonabe.

Patapita masabata angapo anatulukira kushopu kwanga ndi dandaulo. Kamphuno kanali katakhazikika bwinobwino, koma tsopano kayamba kulira tsiku ndi tsiku dzuwa likapendeka, m'nyumba mulibe moto, chitseko chili pululu. Ine ndinaseka. Pantchito yangayi ndaona zambiri, munthu amalumbira kuti wailesi sanaikhudze, ukatsegula n'kupezamo msomali. Ndinawafunsa ngati sakusunga kabotolo penapake kothamangitsira kuzizira. Anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi, n'kundiuza kuti iwo ndi amvano a kutchalitchi, ndipo botolo lomaliza kulowa m'nyumba imeneyo linatuluka limodzi ndi bokosi la maliro.

Mawa lake ndinapita masana. Ndinanunkhiza ponseponse ngati galu wa alenje. Parafini munalibe, mbatatesi zinali m'nkhokwe panja, khitchini inali kutali ndipo moto unali wozima. Kamphuno ndinakatulutsa panja pamphepo kuti kakumbukire mpweya woyera, n'kukabwezera pakhoma. Kanyale kobiriwira kanayaka, zonse zili m'malo. A Nakwenda anandipatsa chikho cha tiyi n'kunena kuti ndisafulumire, nthawi yake sinakwane.

Tinakhala pakhonde. Kumtunda kuja kuli zii wake, abale. Sumva mwana kulira, sumva mtondo, umangomva mphepo m'mapaini ndi nkhuku zikupalasa. Dzuwa linapendeka, mthunzi wa nkhokwe unafika pamasitepe. Ndiyeno nkhuku zija zinasiya kupalasa. Sizinathawe ayi, zinangopatuka pakanjira kochokera kudambo n'kuima m'mbali, monga zimachitira munthu akamadutsa. Ine ndinayang'ana kanjirako mpaka kumunsi, ndipo kunalibe munthu.

M'nyumba munamveka ti. Kenako chete. Kenako ti.

Ndinadzuka kukasuzumira. Kanyale kobiriwira kanali katazima, kayaka kofiira. Ndinakoka mpweya ndi mphuno zangazi, sindinamve kanthu. Pocheuka ndinapeza a Nakwenda atalowa, akunyamula mpando wa ndalema umene unali pakona. Anautulutsa n'kuuika pakhonde pambali pa ine, n'kugwada pang'ono.

"Mwaswera bwanji?" anatero.

Ndinatsala pang'ono kuyankha, koma maso awo sanali pa ine. Tiyi uja ndinamusiya wosatha. Kamphuno kanalira modukiza choncho kwa kanthawi kokwana munthu kupuma atakwera phiri, kenako kanaleka, kobiriwira n'kuyakanso.

Musaganize kuti ndinagonja tsiku lomwelo. Ine ndi munthu wa mawaya, ndimakhulupirira kuti chilichonse cholira chili ndi pochokera. Ndinati mwina ndi chinyezi cha kudambo chimene chimakwera madzulo, pakuti kambewu kaja chinyezinso kamachimva. Ndinaitanitsa kachipangizo kena kutawuni, ndinakatenthetsa kushopu mpaka katakhazikika, n'kukasinthanitsa. Kakale ndinabwera nako n'kukalumikiza pabenchi yanga, pomwe kanangokhala duu ngati mwana wolangidwa. Katsopano kaja, tsiku lotsatira dzuwa litapendeka, kanayamba ti, ti. Nditawafunsa a Nakwenda ngati ndingokachotsa kuti kasawasowetse mtendere, anati ndikachotse dzanja langa pakhoma lawo.

Kuyambira pamenepo sanabwerenso kudzadandaula. Nkhani zinayamba kundipeza zokha. Mayi wotcheza kachasu uja anati kakapu kamene ankamwera a Dafuleni kanasowa pathandala, n'kudzapezeka pachitsa m'mbali mwa njira ya kudimba, kali konyowa. Amayi otola nkhuni anati kawiri konse anaona bambo wa jekete lalitali akukwera phiri m'chifunga, akuyenda mosathamanga, ndipo atamupatsa moni sanacheuke. Wina anati khasu la malemu, limene linapachikidwa pankhokwe chiikireni maliro, analiona lili ndi dothi laliwisi. Zimenezo ine sindinazione, ndikungonena zimene ankanena.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi a Nakwenda eni ake. Mayi amene anali atayamba kufota chimwalirireni amuna awo anayambanso kudzola mafuta. Kumsika ankagula matemba a anthu awiri. Akakhala pachigayo ankangoyang'ana dzuwa, likangoyamba kupendeka n'kusenza ufa wawo, ngakhale nkhani ili pakati. Tsiku lina ndikukaona batire ndinapeza atakaveka kamphuno kansalu koluka ndi manja, ati kasazizidwe. Ndinakalipa kuti akatseka mphuno kanunkhiza bwanji, iwo anangoseka n'kuboola pakati. Anandiuza kuti amakafotokozera zonse, mitengo ya feteleza, za Elufe, za nkhuku imene yafungatira. Kunena zoona ndinawamvera chisoni, komanso ndinachita mantha, chifukwa sindinaonepo munthu wosangalala chotero m'nyumba yopanda anthu.

Pakamwa pa anthu sipatsekeka. Abale a malemu atamva, anakhala pansi n'kugwirizana kuti munthu wawo sanagone, akuyendayenda chifukwa sanatsazikidwe. Anati asadikirenso kuti chaka chikwane, afulule msanga mowa wa bona, uja timatsazikira womwalira kuti apite akakhale ndi anzake. A Nakwenda anayesa kuzemba. Anati chimera palibe, abale anabweretsa chimera. Anati nkhuni zavuta, anyamata anagwetsa mtengo. Mayi wamasiye angakane bwanji kuti mwamuna wake atsazikidwe? Akanakana akanamutcha dzina lina, ndipo inu mukulidziwa.

Tsiku la bona kumtunda kunadzaza anthu koyamba m'zaka zambiri. Mowa unali m'migolo pakhonde pomwe, ndiye kamphuno kanakuwa chikuwire kuyambira m'mawa, mpaka akuluakulu anandituma kuti ndikadule waya. Anthu anamwa, anavina, mkulu wa banja anathira nsembe n'kuwauza a Dafuleni kuti ntchito yawo kuno inatha, apite akagone, asiye amoyo akhale ndi amoyo. A Nakwenda anakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo, maso ali pakanjira kochokera kudambo. Madzulo anthu anatsika onse. Ine ndinadikira kuti migolo ichoke ndi fungo lithe, ndipo patapita masiku ndinakalumikizanso.

Sabata isanathe anafika kushopu, nkhope itagwa. Anati kamphuno kafa. Ndinawafunsa ngati kazizira, anati ayi, kakufundabe, koma kangoti zii. Ndinakwera nawo. Ndinanyowetsa kansanza ndi sipiriti amene ndimatsukira zipangizo n'kukayandikiza pa kasefa, pomwepo kanakuwa mpaka nkhuku zinabalalika panja. Ndinawauza kuti kali moyo ndithu, kakungosowa chonunkhiza.

"Ndiye kuti asiya kubwera," anatero a Nakwenda.

Ndinayamba kumangitsa mawaya amene anali omangika kale, kenako ndinatsazika. Tsiku limenelo sanandiperekeze.

Juni anafika ndi kuzizira kuja kolowa m'mafupa. A Nakwenda anasiya kutsika kumsika. Elufe akaimba foni ankamuyankha kuti ali bwino, ali bwino, n'kudula. Ndiye tsiku lina mayi wogulitsa makala pafupi ndi sitejiyi anandifunsa moseka ngati a Nakwenda atsegula lesitilanti kumtunda, pakuti thumba limene anawatumizira posachedwa latha kale ndipo aitanitsa lina. Tsiku lomwelo ndinakwera phiri.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, maso ofiira, akudandaula mutu. Sanabise. Anati tsiku lina kutazizira kwambiri analowetsa mbaula m'nyumba n'kukankha chitseko, ndipo posakhalitsa kamphuno kanayamba ti, ti, kulira kwake komwe kuja. Kuyambira tsikulo, dzuwa likapendeka amayatsa makala, kutseka chitseko, kuika mpando wa ndalema pambali pawo n'kudikira. Kakayamba kulira, mutu umalemera, thupi limafewa, ndipo nthawi zina amamva munthu akutsokomola panja.

Ndinawakalipira ngati mwana, Mulungu andikhululukire pakamwa. Ndinawauza kuti uko si kubwera kwa munthu, ndi mpweya wa makala ukukokolola okosijeni pa kambewu kaja, ndipo mpweya womwewo ukulowa m'magazi mwawo. Ndinawauza kuti kamphuno kakalira kakutanthauza kuti tulukani, sikakutanthauza kuti khalani. Anandiyankha modekha kuti pakamwa panga pomwepa ndi pamene panatuluka mawu akuti kanthuka sikadziwa chimene kamva. Ngati iko sikadziwa, ine ndikudziwa bwanji? Kenako analonjeza kuti azitsegula zenera, ndipo anandipempha kuti Elufe asamve, chifukwa akamva abwera ndi galimoto. Ndinafuna kukachotsa pakhoma, koma ndinaona kuti mbaula aziyatsabe, tsono popanda ngakhale chowadzutsa. Ndinamuimbira Elufe tsiku lomwelo. Anati apempha tchuthi kwa abwana ake, afika kumapeto kwa mwezi.

Mwezi usanathe kunagwa chifunga chija cha kuno, chimene umatambasula dzanja osaona zala. Kunali masana ndithu, koma magalimoto ankayenda atayatsa nyale. Chigayo chinali chitazima, msika wonse uli zii, ine ndili ndekha m'shopu ndikuwotcherera waya wa wailesi ya munthu. Sindinamve mapazi. Ndinangoona kuti kuwala kwa pakhomo kwachepa, ndipo nditadzutsa mutu panali munthu ataima panja pa chitseko, jekete lalitali, chipewa chofika m'maso. Ndinamuuza kuti alowe, kunja kukuzizira. Sanalowe. Ndinamufunsa ngati wabwera kudzatenga wailesi. Anangoima pomwepo, moti ndinayamba kupsa mtima, pakuti anthu oima pakhomo ngati chitsa sindigwirizana nawo.

"Pitani kumtunda," anatero ndi mawu okhala ngati akuchokera pansi pa chifuwa. "Kakulira kwambiri. Mukamutulutse."

Pomwepo kumbuyo kwanga kunamveka ti. Kanali kachipangizo kakale kaja, kamene kanakhala pabenchi masabata onsewo osatsegula pakamwa. Ndinacheuka kukayang'ana, kanyale kofiira kali ngwee. Pobweza maso pakhomo panali chifunga chokha.

Shopu sindinatseke. Ndinathamangira pa siteji, ndinapeza wakabaza mmodzi atadzipinda pa njinga yake yamoto, ndinamuuza kuti tiye usafunse. Kudambo njinga inatitimira, tinaisiya pomwepo n'kuyamba kukwera wapansi. Njira sinkaoneka, koma sitinasochere, chifukwa tili pakati pa phiri tinayamba kumva kulira kuja, osati ti, ti, koma kukuwa kosapuma kochokera m'chifunga. Wakabazayo, bambo wandevu zake, anayamba kupemphera mokweza.

Chitseko chinali chokhoma m'kati. Pansi pake anatsekapo ndi nsanza, monga amachitira aliyense kukazizira, ndipo zenera lija analonjeza linali lotseka. Ndinaodira, ndinamenya, ndinaitana dzina lawo, kunangoyankha kamphuno. Chitsekocho tinachiponda awiri mpaka chinathyoka. M'katimo munali mofunda bwino, mopanda utsi, mopanda fungo, mbaula ili psuu pakati. A Nakwenda anali pamphasa atatsamira khoma, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, mutu utagwera paphewa. Tinawakokera panja pa udzu wonyowa. Thupi linali lofewa ngati la mwana wogona, koma mtima unkagunda chapatali. Tinawabereka mosinthana mpaka kumsewu, ndipo galimoto ya mbatatesi inatithandiza kukafika kuchipatala.

Anatsitsimuka mawa lake. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanakagula nsalu yoyera. Elufe anafika akulira, anandigwira manja onse awiri, anandithokoza mpaka ndinasowa poyang'ana. Ananenanso pomwepo kuti zokambirana zatha, amayi ake akatuluka m'chipatala sakweranso phiri, katundu wawo akatenga ndi anyamata.

Ine ndinkaganiza kuti nawonso a Nakwenda andithokoza. Nditalowa m'chipinda chimene anagona, anatembenukira kukhoma. Ndinakhala pa benchi n'kumangoyang'ana botolo la madzi likudontha m'mkono mwawo. Patapita nthawi analankhula, nkhope ili kukhoma komweko. Anati ndinawalakwira. Anati tsiku limenelo anamva kutsokomola pafupi kuposa masiku onse, pakhonde penipeni, ndipo anadziwa kuti amuna awo abwera kudzawatenga. Anali atakonzeka, anali atasamba. Ndiye ine, munthu wa mawaya, ndinathyola chitseko cha eni ake n'kuwalanda ulendo.

"Anakutumani ndani?" anafunsa. "Kumtunda kuja kulira kwake sikufika kumsika. Munadziwa bwanji?"

Ndinaganiza zonama. Ndikanatha kunena kuti ndinangodzera, kapena kuti Elufe anandiimbira. Koma mayi ameneyo sunkamunamiza, ndipo ndinaganizanso kuti choonadi chiwatonthoza, adziwe kuti amuna awo amawafunira moyo. Ndiye ndinawauza zonse, za munthu woima pakhomo, jekete lake, chipewa chake, kachipangizo ka pabenchi, ndi mawu amene ananena.

A Nakwenda anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Anandiuza kuti ndibwereze mawuwo monga anawanenera. Ndinabwereza. Anafunsa ngati munthuyo ananenanso china, ngati anatchula dzina lawo, ngati anasiya uthenga uliwonse. Ndinati ayi, anangoti mukamutulutse.

Anaponya maso kudenga. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

"Anafika pakhonde, anandiona ndavala, n'kutsika phiri kukaitana inu," anatero. "Ndiye kuti nawonso sakundifuna."

Ndinayesa kuwauza kuti si choncho, kuti munthu amene sakufuna sangakuthamangire m'chifunga. Elufe naye anayesa. Iwo anangokoka bulangete mpaka m'khosi n'kutseka maso.

Anapita ku Lilongwe Loweruka lotsatira, atakhala kumpando wakumbuyo pakati pa mitolo ya zovala. Galimoto inadutsa pano pomwe takhalapa. Anthu a pamsika anaimirira kuwabayibitsa, ine ndinakweza dzanja, koma iwo sanayang'ane kwa ife ndipo sanayang'anenso kuphiri. Anakhala zaka zinayi kutawuniko, m'nyumba ya magetsi, akudya bwino, akusamalidwa ngati dzira. Elufe anandiuza pamaliro awo kuti zaka zonsezo amayi akewo dzina la amuna awo sanalitchulenso, ndipo atadwala komaliza anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asadzawaike pambali pa a Dafuleni, pakuti safuna kukakakamiza munthu.